Za mdzukulu wanga ndi mtedza uja

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti mdzukulu wanga akupezako bwino tsopano. Zoti anatupa milomo atangodya mtedza zandisowetsa mtendere, n'chifukwa chake ndakulembera.

Wati wamuletsa mtedza, mazira, mkaka ndi nsomba zonse pakamodzi. Mantha akowo ndikuwamvetsa, koma mwana woti akukula sungamumane zonsezo mongoganizira, anyentchera. Pita naye kwa dokotala akapeze chenicheni chimene sichikumuyanja.

Zamuchitikirazo zikuoneka ngati allergy, kutanthauza kuti thupi likukana chinthu china. Allergy imayamba chitetezo cha m'thupi chikamalimbana ndi chinthu chosavulaza. Thupi limatulutsa mankhwala otchedwa histamine, ndipo ndi amenewa amabweretsa kuyabwa, ziwengo, kuyetsemula ndi kutupa. Ena amadana ndi mungu wa maluwa, ubweya wa mphaka, mbola ya njuchi kapena mankhwala a penicillin.

Usanapite, lemba m'kope zimene wadya, nthawi yake, ndi mphindi zimene zinadutsa ziwengo zisanatuluke. Kawirikawiri chakudya chosayanja munthu chimaonetsa zizindikiro pasanathe maola awiri. Dokotala amadontheza timadzi ta zinthu zokayikitsazo pamkono n'kubaya khungu pang'ono. Pakatha mphindi 15 mpaka 20, pamene thupi lakana pamatuluka kachotupa kofiira ngati waluma udzudzu. Amathanso kuyeza m'magazi IgE, asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi chinthu chosayanjacho. Zotsatirazo pazokha sizikwanira, amazilinganiza ndi zimene iwe walemba zija, ndiye kopelo usalisiye. Ndipo chonde, usamulawitse mtedza kunyumba kuti uone ngati zichitikenso.

Chimene ndikufuna ugwiritsitse ndi ichi. Ziwengo ndi kuyabwa zimazizira ndi mapiritsi a cetirizine kapena loratadine, pa mlingo umene dokotala wanena. Koma akatupa lilime kapena kukhosi, mawu akasasa, akamapuma mobanika, akalefuka n'kumachita chizungulire, imeneyo ndi anaphylaxis, ndipo mapiritsi sangamupulumutse. Pamafunika jakisoni wa adrenaline pantchafu, mbali yakunja, nthawi yomweyo. Funsa dokotala ngati uyenera kumayenda ndi jakisoniyo, akuphunzitsenso kabayidwe kake. Mwanayo umugoneke chagada miyendo ili m'mwamba; akamalephera kupuma, akhale tsonga, koma asaimirire. Ngakhale aoneke ngati watsitsimuka, thamangira naye kuchipatala, chifukwa zimatha kuyambiranso patadutsa maola angapo.

Ana ambiri akamakula mazira ndi mkaka zimayamba kuwayanja. Mtedza nthawi zambiri suchita choncho, ndiye uzolowere kuwerenga zolembedwa pamapaketi a zakudya. Bambo ake, aphunzitsi ake ndi aliyense womulera adziwe zizindikiro zoopsazi.

Mukakaonana ndi dokotala undiimbire, ndimve zimene wanena.

Ndine mayi ako.