Lipoti la msonkhano wa timachubu todzipinda tokha

Wapampando ndi mamembala nonse, munandituma ku msonkhano wa timachubu todzipinda tokha kuti ndikaone ngati gulu lathu lingayambe kupanga timachubu ta polima, zinthu za mtundu wa pulasitiki. Ndabwerako, ndipo ndikuti tingathe, bola tisayambire pa zovuta.

Timachubuti sitipindidwa ndi makina. Amapaka polima zamitundu iwiri pagalasi, ina pansi ina pamwamba, zonse zopyapyala kwambiri. Yapansi imatupa ikalowa madzi, yapamwamba ayi. Popeza n'zomatana, yotupayo imasowa kofutukukira, ndiye zonse zimangopindika. Masamu ake ndi akale, omwe Timoshenko analemba mu 1925 pofotokoza zitsulo ziwiri zomatana za mu thermostat, kachipangizo koyang'anira kutentha. Victor Prinz anapinda ma semiconductor (zinthu zopangira tizipangizo ta m'makompyuta) mwanjira yofananako mu 2000, ndipo mu 2005 Luchnikov ndi Stamm ku Dresden anachita zimenezi ndi polima: yotchedwa P4VP, imene imatupa m'madzi a asidi, pansi, ndipo polystyrene pamwamba.

Njira ya ku Dresden imeneyi anationetsa kumsonkhanoko pa maikulosikopu. Atawalitsa UV (kuwala kosaoneka ndi maso) kuti polimazo zilimbe, mayi wina anakanda kamzere ndi lezala n'kudonthezapo madzi a asidi. Poyamba panalibe chilichonse, mpaka ena anayamba kuyang'ana mafoni. Kenako m'mphepete mwa kamzereko munadzuka pang'onopang'ono n'kuyamba kudzikulunga mbali zonse ziwiri, timachubu tiwiri toonda kuposa tsitsi. Ndinapempha kuti abwereze, ndipo sindinachite nazo manyazi.

Phindu lenileni lili apa: mbali yapamwamba ija ndi imene imasanduka mkati mwa chubu. Choncho chilichonse chimene mwaika isanapindike, monga timizere ta golide, chimakapezeka mkati, momwe palibe chida chingafikemo.

Olankhula anakambanso za polima ina yotchedwa PNIPAM, imene imatupa kutentha kukatsika pansi pa 32 digiri Celsius n'kufota kukakwera, moti chubu chimatseka ndi kutseguka. N'zokoma kumva, koma tizisiye kaye.

Chimene olankhula ambiri anangochilambalala ndi kulephera. Nditawafunsa pa nthawi yopuma, ophunzira awo ndiwo anaulula kuti polima ikanenepa mbali ina, chubu chimatuluka chachikulu kuno chaching'ono uko, ndipo UV akachuluka sichipindika n'komwe. Ndiye pempho langa n'lakuti mwezi woyamba tingoyeserera kupaka ndi spin coater, makina ozunguza galasi kuti polima ifalikire mofanana, mpaka makulidwe azifanana. Pa msonkhano wathu wotsatira tisankhe anthu awiri oti agwire ntchitoyi, komanso tigwirizane amene aziyang'anira nyale ya UV.