Kalata ya Abusa: Za Ana Athu ndi Kuwerenga

Okondedwa mwa Ambuye,

Chisomo ndi mtendere zikhale nanu nonse.

Ndikulemberani za ana athu a pulayimale. Zaka zisanu zilizonse kuyambira 2001, bungwe lofufuza za maphunziro la IEA limayesa ana a kalasi yachinayi m'maiko ambiri pa mayeso otchedwa PIRLS. Mwana amapatsidwa nkhani, awerenge yekha, kenako ayankhe mafunso oonetsa ngati wamva. Mu 2021 Singapore ndiyo inatsogola. South Africa, kumene ambiri tili ndi abale ku Joni, inali kumchira: ana 81 pa 100 alionse sankamva tanthauzo la zomwe awerenga, pomwe mu 2016 anali 78. Anawo anayesedwa m'zilankhulo zomwe amaphunzirira kusukulu, monga Chizulu ndi Chisutu, osati Chingerezi chokha ayi.

Malawi sachita nawo PIRLS, koma tisaseke anzathu. Pa kafukufuku wa SACMEQ wa 2007, woyesa ana a Sitandade 6 kum'mwera ndi kum'mawa kwa Africa, Malawi ndi Zambia ndiwo anali pansi penipeni pa kuwerenga. Chiyambireni maphunziro aulere mu 1994 makalasi anadzaza, ndipo mphunzitsi amene ali ndi ana oposa 100 sangamve aliyense akuwerenga payekha.

Chimene chikundidetsa nkhawa chili m'tchalitchi mwathu momwemu. Ana a Sande Sukulu amaloweza mavesi bwino kwambiri, ife n'kumaomba m'manja. Koma muwatsegulire tsamba lina lomwe sanaloweze, ena amangoti kakasi. Kuloweza n'kwabwino, koma mwana woloweza angatibisire kwa zaka kuti sadziwa kuwerenga. Pa Machitidwe 8, Filipo anapeza mdindo wa ku Etiopia akuwerenga Yesaya mokweza, komabe anamufunsa ngati akumva zimene akuwerengazo. Funso limenelo tiziwafunsa ana athu.

Choncho akulu a mpingo tagwirizana kuti kuyambira Loweruka likudzali, tchalitchi chizitsegulidwa 2 koloko masana kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4 kuti tiziwathandiza kuwerenga. Aphunzitsi opuma pa ntchito, achinyamata a sekondale ndi amayi a Mvano, tikukusowani. Tiyamba ndi Chichewa. Makolo amene mumafulumirira Chingerezi, pirirani. Mwana wodziwa kuwerenga chilankhulo chake savutika kwambiri kuphunzira china.

Kunyumba, mwana akuwerengereni madzulo, kenako afotokoze m'mawu akeake. Ngakhale agogo osadziwa kuwerenga angathe kumvetsera ndi kufunsa. Amene muli ndi mabuku a ana omwe angokhala m'sutikesi, bwerani nawo Lamulungu, mukapereke kwa mlembi wa mpingo.

Ine mbusa wanu mwa Khristu.