Kiyibodi ija ikulirabe, achimwene

Ulongwe, Angónia
Julayi 2020

Achimwene,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino ku Johannesburg kuko pamodzi ndi alamu ndi ana. Ife kuno tilipo, kungoti chisanu chikulowa m'mafupa. Mukuudziwa mwezi uno mmene umatichitira ku Angónia.

Munafunsa ngati kiyibodi ija munandisiyira ikulirabe. Ikulira. Koma a Nyusi, pulezidenti wa Mozambique, atalengeza estado de emergência, malamulo apadera a nthawi ya ngozi, chifukwa cha mliri wa kolona kuyambira pa 1 Epulo, matchalitchi anatsekedwa, kwaya yathu n'kubalalika, ine n'kuivundikira ndi nsalu ya kapulana mwezi wathunthu. Ana anga ophunzira aja ankangodutsa kuseri kwa mpanda n'kumasuzumira. Mtima unandipweteka. Ndinapita kukacheza ndi makolo awo, ndipo tinagwirizana kuti azibwera mmodzimmodzi.

Tikuphunzirira pakhonde, pamene mphepo imadutsa, chifukwa kolona amayenda ndi mpweya ndi timalovu. Mwana akafika amayamba wasamba m'manja ndi sopo pa ndowa ya mpopi, masekondi 20, amavala masiki, ine ndimakhala pataliko ndithu. Akachoka ndimapukuta makiyi onse 61, oyera ndi akuda omwe, ndi kansalu kofinya bwino, kenaka kouma. Mumve izi popeza nanunso mumaimbira: musathire sanitayiza pa makiyi. Mnyamata wina, pofuna kundithandiza, anathira pomwepo, madzi n'kulowa m'mipata, makiyi awiri anakhala chete masiku atatu. Sindinamukalipire, mwana anachita ndi mtima wabwino. Tsopano m'manja muyambe mwauma asanakhudze.

Chimene chikundivuta kwambiri si sopo ayi. Mukukumbukira mmene aphunzitsi athu ankatigwirira dzanja, kutipinda zala ngati tafumbata dzira, n'kutikankhira chala chachikulu pansi pa zinzake pokwera do re mi fa? Inenso ndakhala ndikuphunzitsa choncho zaka zonsezi. Lero dzanja la mwana sindingaligwire. Ndimaona chala chakumapeto chawongoka ngati ndodo, manja anga amachita kuyabwa, koma ndimangokweza langa m'mwamba n'kumuonetsa, kachiwiri, kachitatu, mpaka aone yekha. Zimachedwa. Komabe kamtsikana kamodzi, kaja kanali kamanyazi, kayamba kudzimvera kokha pamene kalakwitsa ndisanayankhule. Tsiku limenelo ndinabisa misozi m'masiki.

Kuimba ndi pakamwa ndaletsa kaye, ngakhale nyimbo ya kwaya popanda mawu ili ngati nsima yopanda ndiwo. Poimba mpweya umatuluka mwamphamvu, malovu amafika patali. Ndiye timawomba m'manja powerenga mabiti, basi. Wachifuwa kapena wotentha thupi amatsala kunyumba, ndipo sindiwerengera makolo ake ndalama ya tsikulo, kuopa kuti angamutumize akudwala.

Aliyense ndamujambulira makiyi pa katoni, kukula kwake kofanana ndi enieni, kuti zala zisaiwale njira. Tinayesa za WhatsApp, koma mawu amafika mochedwa, ndipo mamega adya ndalama ya mchere.

Pempho langa ndi limodzi. Malire akatsegulidwa, mukapeza munthu wobwera kuno, munditumizireko pedo ya kiyibodi, yoponda ndi phazi ija, ndi adaputala ina, yakaleyi yayamba kutentha. Inunso mudzisamale, tikumva kuti kumeneko matendawa avuta kwambiri. Amayi akuti moni, ndipo mbatata ya kachewere yakusungirani.

Ndine mng'ono wanu m'nyimbo.