Chilengezo: Tikumane Loweruka Tikambirane za Aphungu ndi Zipani

Kwa mamembala nonse,

Loweruka likudzali, 2 koloko masana, tidzakumana pamalo athu a nthawi zonse kuti tikambirane chifukwa chimene anthu ambiri sakhulupiriranso andale, komanso zimene ziyenera kusintha m'zipani.

Nkhani yaikulu idzakhala Gawo 64 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe linkapatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo zaka zisanu zisanathe. Nyumba ya Malamulo inalifafaniza mu 1995. Kuyambira pamenepo phungu akhoza kusamukira ku Lilongwe, kusintha nambala ya foni, n'kudzaonekeranso nyengo ya kampeni, anthu osowa pomugwira. Kodi libwezeretsedwe? Ena mwa ife akuopa kuti ogonja pachisankho azidzalowa m'midzi kusonkhezera anthu kuti agwetse wopambana asanagwire n'komwe ntchito. Nkhawa imeneyi si yachabe, tidzaimvetsere bwino.

Tidzakhudzanso Gawo 65 la aphungu osintha chipani, ndi lamulo la zipani la 2018 lomwe limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pokopa mavoti. Lamulo lilipo, koma tonse taonapo mizere ya anthu olandira kangachepe msonkhano ukatha. Tisanamizane, olandirawo ndife tomwe.

Chonde musadzavale nsalu kapena malaya a chipani chilichonse. Aliyense adzayankhula mphindi zitatu, ndipo amayi ndi achinyamata adzayamba. Amene simudzabwera, tumizani maganizo anu kwa mlembi pofika Lachisanu madzulo.

Zikomo,
Komiti