Wolakwa Ali ndi Dzina Lake

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako ndaulandira, ndipo kanema uja ndamuonera mpaka kumapeto ngakhale mtima umakana. Munthu kumenyedwa ali pansi chifukwa cha khungu lake, ena n'kumaseka, n'zonyansa. Sindikuletsa kukwiya ayi. Chimene chandisowetsa tulo ndi mawu amene unalemba m'munsi mwake, oti anthu amenewa onse n'chimodzimodzi. Omenya ajatu nawonso ankanena mawu omwewo asanatole miyala.

Paja amati ikawola imodzi zawola zonse. Mwambi umenewu uzikhala wa nsomba basi, anthu usawayeze nawo. Amene anamenya munthu uja ali ndi mayina awo, ndipo mlandu ndi wawo. Mnzako wa kuntchito amene amafanana nawo khungu kunalibe kumeneko.

Pa 10 April 1993, Chris Hani, mmodzi mwa atsogoleri olimbana ndi ulamuliro watsankho wa azungu, anawomberedwa n'kuphedwa pakhomo pa nyumba yake ku Boksburg, m'dziko la South Africa. Iwe ndi wa dzulodzuloli, sungadziwe mmene achinyamata akuda ankamukondera bambo ameneyo. Wowombera anali mzungu wochokera ku Poland, Janusz Waluś. Anagwidwa tsiku lomwelo chifukwa mayi wina woyandikana nyumba ndi Hani, mzungunso, wa mtundu wa Afrikaner, anaona nambala ya galimoto n'kuimbira apolisi. Dziko linatsala pang'ono kuyaka moto. Nelson Mandela, asanakhale n'komwe pulezidenti, anayankhula pa wailesi yakanema, ndipo anatchula azungu onse awiri: amene anapha uja, komanso mayi amene anaika moyo wake pachiswe kuti wakuphayo adziwike. Akanafuna akanangotchula mmodzi yekha, anthu akanamuombera m'manja kwambiri. Zipolowe zinachitikabe ndipo anthu anafa, koma zokambirana sizinasokonekere, moti pa 27 April 1994 mitundu yonse inaima pamzere umodzi kukavota. Mandela analitu atakhala m'ndende zaka 27. Akanasankha kunena kuti onse n'chimodzimodzi, ndani akanamudzudzula?

Chidani chikalowa m'gulu sichifunsa kuti uyu ndani. Mu May 2008, chiwawa cholimbana ndi anthu obwera chinayambira ku Alexandra, ku Johannesburg, n'kupha anthu 62, ndipo ena mwa ophedwawo anali nzika za South Africa komweko. Apa n'kuti pafupifupi onse ali akuda. Ku Rwanda mu 1994 wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti mphemvu, ndipo m'masiku pafupifupi 100 anthu okwana ngati 800,000 anaphedwa, ambiri ndi anthu owadziwa. Masiku ano wailesi yotereyi ndi foni imene ili m'thumba mwa aliyense. N'chifukwa chake ndikukupempha kuti pa WhatsApp ndi pa Facebook usamangotumiza chilichonse chakufikira. Makanema ena ndi akale, ena ndi a dziko lina, koma amawazunguza ngati zachitika dzulo kuseri kwa nyumba yako.

Mwina ukuti mayi akufuna ndingopinda manja, andiponde pamutu ine n'kumamwetulira. Ayi ndithu. Pa 30 January 1956, ku Montgomery m'dziko la America, anthu anaponya bomba pakhonde la nyumba ya Martin Luther King, mtsogoleri wa anthu akuda amene ankanyanyala mabasi atsankho, mkazi wake ndi khanda ali m'nyumbamo. Khamu la anthu akuda linasonkhana, ena atanyamula mfuti, koma iye anawauza kuti zida azibweza kunyumba. Kutacha, anthu omwewo anapitiriza kunyanyala mabasi atsankho. Anayenda wapansi masiku 381, ndipo khoti lalikulu la dzikolo linagamula kuti tsankho la m'mabasi n'losemphana ndi malamulo. Palibe anganene kuti anthu amenewo anali amantha. Iwenso ukaona munthu akuchitiridwa nkhanza, lemba nthawi, malo, nambala ya galimoto ngati ilipo, ukanene, ndipo akakuitana kukachitira umboni upite. Wina akakunyoza kuntchito chifukwa cha khungu, kadandaule molemba kalata, dzina lake ulitchule. Koma kukavuta pamsewu, khala m'nyumba. Sindinakulere kuti ukafere pakati pa gulu loponya miyala.

Chovuta kwambiri chili kwa anzako a mtundu wako. Kudzudzula tsankho la ena n'kosavuta, aliyense amakuchemerera. Koma mukakhala nokhanokha, wina n'kuyamba nthabwala zonyoza mtundu wina, onse n'kuseka, pamenepo m'pamene pamaoneka munthu. Sikuti uchite kulalikira. Ingoti, "Amwene, zimenezo ayi," n'kusintha nkhani. Adzakunena kuti ukudzimva, mwina ena adzati wagulidwa. Asiye anene.

Ulemunso ukhale umodzi. Ndimaona anthu akugwada mpaka pansi kwa bwana wakhungu loyera, mlonda wakuda n'kumudutsa ngati chitsa, ndipo ndimaonanso ena akuchitira mwano mlendo aliyense poganiza kuti akubwezera za makolo. Zonsezi n'kuyang'ana khungu m'malo moyang'ana munthu. Moni umene umapatsa wamkulu wa pantchito upatsenso wosesa, ndipo onse uziwadziwa mayina.

Mnzako uja unanena kuti masiku ano mukungodutsana osayankhulana, mwina nayenso ali ndi mantha, sakudziwa kuti ukumuganizira zotani. Usadikire kuti ayambe ndiye. Lolemba ukamupatse moni, umufunse ngati kwawo kuli bwino. Akafuna kukamba za zimene zachitikazi, umuuze mosabisa mmene zakupwetekera, kenako nawenso umumvetsere. Uthenga uja uuchotse ngati unautumizanso kwa ena, ndipo undiimbire Lamlungu madzulo undiuze mmene zinthu zilili kumeneko. Bambo ako akupereka moni.

Ndine mayi ako.