Ndinabisira bambo anga theka la digiri yanga

Okondedwa Azakhali,

Ndikulemba kalata iyi nthawi itapitirira 2 koloko ya usiku, chifukwa chiyambire Lamlungu, pamene bambo anga anadula foni ndisanamalize kuyankhula, sindikupeza tulo. Ndine mtsikana wa zaka 22, ndili m'chaka chachiwiri pa yunivesite ina kuno ku England, ndipo digiri yanga ndi yophatikiza maphunziro awiri, a zamalonda ndi a kujambula zithunzi. Pa makirediti 120 amene timayenera kupeza pa chaka, 60 ndi a mbali imodzi ndipo 60 ndi a mbali inayo. Kunyumba ndinangotchula zamalonda. Sindinaname, Azakhali, pakuti zamalondazo ndikuphunziradi, koma theka linalo ndinalisiya dala chifukwa ndinkadziwa mmene bambo amaonera munthu wonyamula kamera.

Mawu amene anandiuza ndi awa: "Kodi ploti yanga ya ku Area 25 ndinagulitsira kuti iwe uzikathamanga m'zinkhoswe ndi kumayala zithunzi pakhomo la holo?" Ndinayesa kufotokoza, koma iwo anangoti ndawachititsa manyazi pamaso pa abale awo, basi foni n'kudula.

Anaulula nkhaniyi ndi msuweni wanga amene amakhala ku Leicester. Iye anaona chikalata cholengeza chionetsero cha zithunzi za ophunzira, pamene panali dzina langa, n'kuchiponya pa gulu la WhatsApp la banja lathu ati pondiyamikira, chikhalirecho ankadziwa bwino lomwe kuti bambo sadziwa kanthu. Munthu ameneyu ndi yemwe uja ndinamujambulira phwando la mwana wake chaka chatha osandipatsa ngakhale ya basi, ndinaima tsiku lonse, kenako ndinatha mausiku atatu ndikukonza zithunzi zoposa 200 pa kompyuta, iye n'kumadandaula kuti ndinamuonetsa wonenepa. Jekete langa la nyengo yozizira limene anabwereka mu Januwale sanabwezebe mpaka lero. Mwina izi n'zazing'ono, koma ndikufuna muone kuti si ine ndekha wolakwa pa nkhani imeneyi.

Za ploti ija ndi zoona, ndipo n'zimene zikundipweteka kwambiri. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ine nditangoyamba kumene sukulu, ndalama zimene bambo anawerengera kuti zikwana fizi ya zaka zitatu zinachepa mphamvu, ndipo ndinamva kwa achemwali anga kuti anayamba kukongola. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba maola 20 pa sabata, malire amene viza ya wophunzira imalola sukulu ikakhala yotsegula, ndipo filimu, mapepala otsukira zithunzi ndi kamera yakale ya Pentax K1000 ndinagula ndi thukuta langa. Ndalama za bambo ndinazikhudzapo kamodzi kokha, pa nkhani imene sindingathe kuifotokoza m'nyuzipepala.

Ndikanakonda bambo atalowa nane ngakhale kamodzi m'chipinda chamdima chimene timatsukiramo zithunzi. Mumayaka kagetsi kofiira kokha, mumamveka fungo longa la viniga, ndipo ukaviika pepala loyera m'beseni la mankhwala n'kumaligwedeza pang'onopang'ono, nkhope ya munthu imayamba kutuluka, maso poyamba, kenako makwinya a pachipumi. Filimu imodzi imakhala ndi zithunzi 36 zokha, choncho umaphunzira kudikira ndi kuyang'anitsitsa usanadine. Timalembanso nkhani zazitali zokhudza mbiri ya zithunzi, kuphatikizapo mmene azungu a nthawi ya atsamunda ankajambulira anthu akuda osalemba n'komwe mayina awo. Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka 9, ndipo chithunzi chawo chimene tili nacho ndi chimodzi chokha, cha ku situdiyo, chimene chinafufuma moti nkhope sionekanso bwino. Bambo amachisunga m'Baibulo lawo, koma ntchito ya munthu amene anachijambula amaiyesa ya anthu olephera sukulu.

Ndiyenera kuvomerezanso kuti mbali ya zamalonda sikundiyendera bwino. Pali phunziro limodzi la akaunti limene ndidzalembenso mayeso ake mu Ogasiti, ndipo izi bambo sakuzidziwabe. Ndimadziuza kuti chifukwa chake ndi mashifiti a usiku, koma mumtima ndikudziwa kuti maola amene ndinayenera kuwerenga ndinawathera m'chipinda chamdima chija.

Pofika Lachisanu sabata yamawa ndiyenera kupereka fomu yosankha mbali imene ntchito yanga yaikulu ya chaka chomaliza idzakhale. Bambo atuma achemwali kudzandiuza kuti ndisinthe digiri yonse ikhale ya zamalonda zokha, apo ayi fizi ya chaka chachitatu ndiione ndekha. Mlangizi wa kusukulu wandiuza kuti popeza pali maphunziro a zamalonda amene sindinatenge, kusinthako kungafune kuti ndibwereze chaka, ndiye kuti fizi inanso imene bambo alibe, ndipo iwo sanandipatse mpata wowafotokozera zimenezi.

Kodi ndisankhe zamalonda kuti mtima wa bambo utsike, ngakhale ndikuopa kuti kumeneko ndikalephera? Kodi ndiwauze za mayeso obwereza aja panopa, kapena ndidikire zotsatira? Nanga munthu amapepesa bwanji chifukwa chobisa, popanda kupepesanso chifukwa cha chinthu chimene amachikonda? Ndaganiza zopempha amalume kuti andiyankhulire, koma iwonso ali pa gulu la WhatsApp lija ndipo sananenepo kanthu. Za msuweni uja, ndimufunse kapena ndingomusiya? Ndawaimbira bambo kasanu ndi kawiri chiyambire Lamlungu, foni ikuitana koma sakuyankha.

Ine wothedwa nzeru,
ku England