Kalata kwa mwana wanga amene akukatsogolera kwaya ku Zomba

Mwana wanga,

Kuno ku Kasungu tadzuka bwino. Mwendo wa mayi ako uja wayamba kupepuka, dzulo anafika okha kudimba. Fodya tamaliza kumanga mabelo, tikungodikira tsiku lathu ku Chinkhoma. Lamulungu lija sindinakuyankhe bwino pa foni chifukwa netiweki inkadukaduka, komanso nkhani imene unandifunsayo ndi yofuna kuikhalira pansi. Ndiye ndalemba, mlongo wako ajambula akutumizire pa WhatsApp.

Wati anzako akusankha kuti utsogolere kwaya yanu pa chikondwerero cha makwaya a m'mayunivesite, ndipo mwapatsidwa mpata wa nyimbo zitatu. Ziwiri mwagwirizana kale, ya Chingerezi ndi ya Chilatini. Yachitatu ndiyo yakugawanitsani. Iwe unakonza nyimbo ya pamtondo ija ankaimba agogo ako, koma ena akuti ndi yachimidzi, ikakuchepetsani pamaso pa oweruza, ndipo ndinamva m'mawu ako kuti nawenso wayamba kukayika. Usaichotse, mwana wanga. Koma usaganizenso kuti poti ndi yakwathu ingoimbika yokha. Imeneyo ndiyo ifune thukuta lochuluka kuposa ziwiri zinazo.

Ndili mphunzitsi wachinyamata, ndisanakwatire mayi ako, ndinkaphunzitsa kwaya ya pampingo wathu. Kutamveka za mpikisano wa makwaya a m'dera lathu, ndinapeza pepala la nyimbo ya Chingerezi ya mawu anayi, yolembedwa m'solfa, kalembedwe ka do re mi kaja. Tinaiphunzira miyezi iwiri, madzulo anthu akaweruka kumunda, koloboyi ali pa benchi, ine ndi choko pa bolodi. Tsikulo tinaimba osaphonya noti ndi imodzi yomwe, anthu n'kuwomba m'manja. Titatuluka, mayi wina wachikulire wovala yunifolomu ya Chigwirizano anandikodola, n'kundiuza mwaulemu kuti zinamveka zokoma, koma amafuna adziwe kuti tinkati chiyani. Ndinawamasulira. Atamva, anandifunsa chifukwa chake tinawabisira mawu abwino chotero. Pobwerera pa lole ndinafunsa oimba anga mmodzimmodzi tanthauzo la zimene anaimba, ndipo odziwa sanakwane zala za dzanja limodzi. Wolakwa ndinali ine, amene ndinawapatsa manoti n'kuwamana mawu. Funso la mayi uja landitsata zaka zonse zimene ndakhala ndikuima kutsogolo kwa kwaya.

Mkangano wanuwo sunayambe ndi inu. Kuimba kwa mawu anayi, sopulano, alito, tena ndi besi, kunabwera ndi amishoni. A Dutch Reformed ochokera ku South Africa anafika ku Mvera mu 1889. Kuno ku Kasungu amene anayamba ntchito anali a mishoni ya Livingstonia, n'kudzaisiya m'manja mwa a Dutch aja a ku Nkhoma m'zaka za m'ma 1920. Amishoniwa ndiwo anatiphunzitsa solfa, njira imene mbusa wina wa ku England, John Curwen, anaifalitsa kuti anthu wamba athe kuwerenga nyimbo popanda limba. Ine solfa sindingainyoze. Do re mi safuna magetsi kapena ndalama, choko ndi khoma basi, ndipo ndiyo inafikitsa kwaya m'tchalitchi chilichonse chofolera ndi udzu. Koma nyimbo zambiri za m'buku lathu la Nyimbo za Mulungu ndi maimbidwe a ku Ulaya ovekedwa mawu a Chichewa, ndipo telala wake poyeza sanayeze pa thupi lathu.

Taona. Chilankhulo chathu chili kale ndi nyimbo yake munthu asanatsegule pakamwa kuti aimbe. Tchula mtengo wa mango, kenaka utchule mtengo wa fodya ku okushoni. Malembo ndi omwewo, kusiyana kuli pa kukweza ndi kutsitsa liwu. Ndiponso ife timakoka phatikizo loyandikira kumapeto, timati Muluungu, pomwe mizere yambiri ya nyimbo za Azungu imagogomezera kumapeto kwenikweni, n'kutiimbitsa kuti Mulunguu. N'chifukwa chake m'bukumo mawu ambiri anachita kudulidwa kuti akwane. Tinazolowera, ndipo nyimbozo ndimazikonda, ndi zomwe tinaikira agogo ako m'manda. Koma khutu la Mchewa limadziwa pamene mawu apotozedwa.

Alipo amene anaziona zimenezi kalekale. Ukadutsa Nkhamenya n'kukhotera pa Jenda, ku Embangweni, Donald Fraser analimbikitsa Angoni kuti azipeka okha nyimbo zotamanda Mulungu pa maimbidwe a makolo awo. Mawelera Tembo ndi anzake anapeka zambiri, ndipo mpaka lero zikuimbidwabe ku Mpoto. Anzathu a Katolika anakhala zaka akuimba Misa m'Chilatini, kufikira msonkhano waukulu wa ku Vatican wa 1962 mpaka 1965 utatsegula khomo, ng'oma ndi visekese n'kulowa m'tchalitchi. Pamene tinkalandira ufulu mu 1964, nyimbo ya fuko anapeka ndi Mmalawi mnzathu, Michael Sauka. Kwaya ya m'dziko muno yakula nthawi zonse pamene wina analimba mtima n'kulowetsa za pakhomo m'mawu anayi aja. Chancellor College, imene lero ndi University of Malawi, chisamukire ku Zomba mu 1973 yatulutsa aphunzitsi a nyimbo ambiri, ndipo lero ku MUST, ku Thyolo, ana akutenga digiri ya maimbidwe a kuno ku Africa. Ndiye anzako amene akuti za pamtondo n'zosayenera pa yunivesite uwafunse kuti zikaimbidwa kuti. M'mudzi muno zigayo zalanda ntchito ya mtondo. Atsikana a msinkhu wa mng'ono wako amangosenza thumba kupita kuchigayo, ndipo phokoso la injini silifuna woyankha. Nyimbo zimenezi zikutha pamodzi ndi eni ake.

Tsopano za pepala lako. Ndaliimba ndekha mbali zonse zinayi pakhonde, ndipo ntchito waigwira. Koma pa mzere wachiwiri alito watsika pomwe sopulano akukwera. M'malamulo amene mumaphunzira kumeneko zimenezo n'zolondola, chifukwa buku la Azungu limakonda mawu osemphana, ndipo limaletsa mawu awiri kuyendera limodzi motalikirana manoti asanu. Koma takumbukira amayi akamavina chimtali pabwalo. Wachiwiri amatsata woyamba, uyu akakwera nayenso akwera, akatsika nayenso atsika. Si umbuli ayi. Akasemphana, mawu a mmodzi wa iwo asanduka tanthauzo lina, ngati mtengo uja. Pamene pali mawu ofunika kumveka, alito ayende ndi sopulano. Luso lako la kusemphanitsa ukaonetse pamene palibe mawu, pa ee ndi pa yaye.

Besi wawapatsa mawu ambiri. Achotsere, uwapatse munsi. Agogo ako ankasinja ndi mng'ono wawo mumtondo umodzi, minsi iwiri yolandizana, uwu ukamakwera uwo ukutera, ndipo aliyense ankatulutsa kampweya munsi ukamagunda. Besi agwire munsi umodzi, tena winawo. Pamwamba pake pakhale mtsikana mmodzi woyambitsa, enawo azithira mang'ombe. Usasankhe amene ali ndi liwu lonjenjemera ngati la pa wailesi. Sankha wa liwu lolunjika, lotha kufika tsidya la dambo. Ndipo usaithamangitse. Liwiro lake ndi la mkono wa mayi amene wakonola chimanga kuyambira tambala woyamba, ndipo lichero lachitatu likumudikira.

Chachikulu, uwauze oimba ako chimene nyimboyo ikunena. Mwina iwenso unaimva uli wamng'ono kwambiri. Pamtondo ndi pamene mkazi ankanenera zimene sakanatha kunena pamaso pa apongozi kapena pabwalo la mfumu. Agogo ako aamuna anapita ku Joni pa Wenela, n'kukhala zaka osalemba kalata, mudzi wonse n'kumati atchona. Mbalame imene ikufunsidwa m'nyimbomo ngati yaona munthu panjira, akufunsa za iwowo. Mawu ake amamveka ngati osewera, koma woimbayo ankalera ana anayi yekha. Oimba ako akadziwa zimenezi sadzaimba akumwetulira ndi kugwedeza mapewa ngati asangalatsa alendo. Chimodzimodzinso ya Chilatini ija. Lemba pa bolodi liwu lililonse ndi tanthauzo lake m'Chichewa, aliyense adziwe pamene akupempha chifundo ndi pamene akutamanda. Sindikuti muisiye, nyimbo imodzi sachezera gule, ndipo nyimbo zakale za ku Ulaya zimaphunzitsa khutu ndi mpweya zinthu zimene zathu siziphunzitsa.

Pa pepala la ndondomeko ya tsikulo ulembe kuti nyimboyo ndi ya amayi a ku Kasungu, iwe unangoikonza. Ndipo ndikuchenjezeretu, poti ukayamba kutola nyimbo za kumudzi sudzaleka: za kudambwe ndi za kutsimba si zokwera nazo pa nsanja. Zili ndi eni ake ndi malo ake, ngakhale ife a mpingo timadziwa kulemekeza malire amenewo.

Za kiyibodi ndinene pang'ono, ngakhale ukudziwa kale maganizo anga. Chiyambire makwaya kujambula nyimbo ndi kiyibodi, achinyamata ambiri abwera ku kwaya, ndipo zimenezo ndimayamika. Koma khutu lachita ulesi. Woimba kiyibodi amangodina batani kutsitsa kiyi, ng'oma ya m'makina ikugunda yokha, oimba n'kumangotsamira. Magetsi akazima Lamulungu, kwaya imasowa poyambira. Pita ukamve a Seventh Day Loweruka, amene ambiri amaimbabe popanda choimbira, uone m'mene amamverana. Pa sabata, pulakatisi imodzi muzichita kiyibodi ili m'thumba lake. Uwapatse do, aimbe mpaka kumapeto, kenaka uyese ngati do akadali pomwe unamusiya. Akatsika, usawakalipire kuti akweze. Fufuza pa mi kupita pa fa, ndi pa ti kupita pa do, chifukwa mpamene nyimbo imadonthera. Anthu akatopa, pokwera amaponda masitepe afupiafupi, potsika amalumpha otalika. Mankhwala ake ndi mpweya wochokera m'mimba, kuimirira mowongoka, ndi kupuma pamene chiganizo chathera, osati pakati pa liwu. Ku Zomba kumazizira, ndiye m'mawa wa tsikulo musayambe ndi nyimbo yokwera. Yambani ndi kung'ung'udza chapansipansi, madzi ofunda ali pafupi, ndipo anyamata a tena uwaletse kukakuwa ku mpira dzulo lake, angadzabwere atasasa mawu.

Unadandaulanso za mnyamata wa besi amene amaphonya, kuti ena akufuna azingotsegula pakamwa osatulutsa mawu. Zimenezo usalole. Munthu ukamuuza tero kamodzi saimbanso moyo wake wonse, ngakhale pa siwa ya mayi ake. Muike pakati pa awiri olimba, ndipo uzimupatula mphindi khumi ena asanafike. Nthawi zambiri wotere vuto lake ndi loti sanaphunzire kudzimva yekha pakati pa anzake. Ndaonapo ambiri otero akusanduka mizati ya kwaya, chifukwa ndi amene sajomba. A mawu okoma aja ndi amene amabwera mochedwa.

Ndikudziwanso kuti alipo anyamata amene sakondwa kuimitsidwa ndi dzanja la mtsikana, ngakhale sunandiuze. Usalimbane nawo ndi mawu. Uzifika woyamba, ndipo mbali zonse zinayi uzizidziwa pamtima, kuti besi akasochera uziwaimbira mzere wawo pomwepo osayang'ana pepala. Akaona zimenezo kawiri katatu adzakhala chete okha.

Tsikulo mukatsika pa nsanja musathamangire kunja kukajambulitsa zithunzi. Khalani pansi mumve anzanu. A ku Mzuzu adzabwera ndi maimbidwe a Chitumbuka ndi Chingoni amene ndakuuza aja, mvetsera m'mene besi wawo amayendera. A ku Bunda ndi a ku Blantyre nawo adzakhala ndi zawo. Nyimbo ikakugwira mtima, pita kwa mtsogoleri wake ukapemphe pepala, nawenso umupatse lako. M'masiku athu nyimbo inkayenda choncho, yokopera pamanja m'kope, kuchoka pa mpingo uwu kufika pa uwo. Chikho chikabwera tidzavina, koma ine ndidzayamba kufunsa kuti wabwera ndi mapepala angati. Ndipo mayeso ako asavutike chifukwa cha kwaya, tsiku la pulakatisi likhale la pulakatisi, la mabuku likhale la mabuku.

Mukatsekera, ndikufuna masabata awiri ako. Kwaya ya achinyamata pampingo pano ili ndi mawu abwino, koma wowerenga solfa watsala mmodzi, ndipo ine maso sakundilolanso kulemba pa bolodi madzulo. Amangophunzira nyimbo pomvera pa foni, n'chifukwa chake alito ndi tena amangoimba zofanana. Abusa ndawauza kale, ndipo choko ndagula.

Mayi ako atamva ndikuimba pepala lako pakhonde anatuluka m'khitchini n'kunena kuti mwasiya ndime yachitatu, ija mbalame imayankha. Ine ndinali nditaiwala kuti iliko. Akuti Loweruka aitana azakhali ako, atulutse mtondo, aimbe akusinja zenizeni kuti umve kagundidwe ka minsi, mlongo wako ajambule. Usamalize kukonza nyimboyo usanamve zimenezo. Mtedza ndi nsinjiro tatumiza ndi mwana wa aneba athu amene akubwerera ku sukulu Lachisanu. Utiuze tsiku lenileni la chikondwererocho, fodya akagulidwa msanga mayi ako akwere basi adzakhale nawo mu Great Hall.

Ndine bambo ako.